Mtunda wa Pakati pa Nyumba ndi Nchito: Citsanzo ca Bauleni

(Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi)

Palibe mphunzitsi wa ku mudzi amene sanamvepo mwana wa m'kalasi lomariza ali kunena kuti akatha maphunziro adzapita ku Lusaka kukafuna nchito. Mwana wotere amadziwa kufunsa za malipiro, amadziwanso kufunsa za mbale amene adzamsunga masiku oyamba. Koma funso limodzi saliganizira, ndilo lakuti, kodi kucokera pamene adzagona kufikira pamene adzagwira nchito pali mtunda wotani, ndipo mtundawo udzamdyera nthawi ndi ndarama zingati? Ku mudzi funso limeneli liribe mphamvu kweni-kweni, pakuti ngakhale munda utalike, wopita ku munda salipira kanthu, ndiponso palibe kapitao womlembera kuti wacedwa. M'mzinda funsoli ndilo limalamula ora lodzuka, ora lakudya ndi ora loonana ndi ana. Akulu anati, walira mvula walira matope. Wolira nchito ya m'tauni waliranso mseu wace, ndipo nkoyenera kuti aphunzitsi audziwe mseuwo ana ao asanapite kukauyenda.

Mamangidwe a mzinda

Njanji inafika pa malo a Lusaka m'caka ca 1905, ndipo siteshoni yaing'onoyo inapatsidwa dzina la mfumu ya mudzi wa pafupi, Lusaaka. M'caka ca 1931 Professor Stanley Adshead wa ku London anakonza cithunzi ca mzinda watsopano, ndipo m'caka ca 1935 likulu la boma la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Omangawo anafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa nyumba zotalikirana, iri yonse m'bwalo lace lalikulu. Maofesi a boma anaikidwa pa citunda ca Ridgeway, kum'mawa kwa njanji. Masitoro anakhala mu Cairo Road, ndipo mafakitale anakula ca kumadzulo. Mzinda wotambalala cotere umakomera mwini galimoto. Munthu wakuda sanawerengedwe ngati mwini mzinda, koma ngati mlendo wodzagwira nchito, woyenda ndi citupa, amene adzabwerera kwao nchito ikatha.

Lamulo la 1948 linabvomereza kuti anchito acikuda amangiridwe nyumba zokhalamo ndi mabanja ao, ndipo Matero ndi Chilenje anakula m'zaka zotsatira. Koma nyumbazo sizinakwane. Cifukwa cace anthu ambiri anamanga pa malo a Azungu eni mafamu ndi a makampani omanga, ndipo makomboni ena, monga George, John Laing ndi John Howard, asungabe maina a eni malowo kufikira lero. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, citupa cinatha, anthu nalowa m'mzinda mwaunyinji. M'caka ca 1963 Lusaka anali ndi anthu pafupi 123,000; pofika 1969 anaposa 260,000. Lamulo la 1974 linapatsa boma mphamvu yobvomereza makomboni ndi kuwakonza m'malo mowagwetsa. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka.

Munthu woyang'ana mapu mofatsa adzaona kuti makomboni sanamere mwangozi. Kanyama watsamira misika ndi mafakitale. Matero ndi George ali mbali yomweyo ya mafakitale ca kumpoto. Chawama ali pafupi ndi mseu wa ku Kafue. Kalingalinga ali pa khomo la University of Zambia. Mtendere wagundana ndi Kabulonga ndi Ibex Hill. Komboni iri yonse inakula pamene munthu wopanda ndarama ya basi akanatha kufika ku nchito ndi miyendo yace.

M'mawa wa ku Bauleni

Bauleni ali kumwera ca kum'mawa kwa mzinda, m'mbali mwa Leopards Hill Road, pafupi ndi manda akulu a Leopards Hill. Kucokera kumeneko kufika ku Cairo Road pali makilomita oposa 10. Koma ngakhale ali kutali ndi pakati pa tauni, ali pafupi ndi nyumba za olemera za ku Woodlands, Kabulonga ndi State Lodge, kumene anthu amati kumayadi. Motero m'bandakuca mumaturuka magulu awiri a anthu.

Gulu loyamba ndi la oyenda pansi: amai ophika, ocapa ndi olera ana m'nyumba za eni, abambo osamala maluwa, ndi amisiri omanga. Iwowa ayenera kufika pa cipata bwana asananyamuke kupita ku ofesi, ndipo panjira amakomana ndi alonda amene ali kubwerera kwao atacezera usiku wonse. Gulu laciwiri ndi la okwera minibasi kunka ku tauni: ogulitsa m'masitoro, anchito a m'mafakitale, ndi amai a malonda amene amalawirira ku msika wa Soweto kukapikula ndiwo zamasamba ndi tomato, kuti abwere nazo ku Bauleni ogula asanayambe kufuna za nkhomaliro.

Samu ya mseu

Apa pali samu yosabvuta. Munthu wamkulu woyenda bwino amatha makilomita 5 pa ora limodzi. Ngati nchito yace iri pa mtunda wa makilomita 5, amayenda maora 2 pa tsiku, ndiwo maora 12 pa masiku 6 a nchito. Ngati iri pa makilomita 10, amayenda maora 4 pa tsiku, ndiwo maora 24 pa mlungu, ndiko kunena kuti usana ndi usiku wathunthu. Pa milungu 50 munthuyo wasiya masiku 50 mu mseu. Maora amenewa salembedwa m'buku la malipiro. Bwana amalipira nthawi yoyambira pa cipata. Ya pakati pa nyumba ndi cipata amapereka ndi wanchito yekha.

Wokwera basi amasunga mphamvu za miyendo, koma nthawi saisunga monga angaganizire. Minibasi siinyamuka pa ora loikika. Imadikira kufikira itadzaza, ndipo ikanyamuka imaima-ima potsitsa ndi kukweza, kenaka nkulowa m'mpanipani wa magalimoto poyandikira tauni. Ndiponso njira zambiri za mabasi zimathera pakati pa mzinda, pa masiteshoni onga Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium. Tsono munthu wa ku Bauleni amene wapeza nchito ca ku Matero ayenera kutsika m'tauni ndi kukweranso basi yina. Amalipira kanai pa tsiku, ndiko kulipira ka 24 pa mlungu. Kwa wa malipiro ocepa, ndarama imeneyi imapikisana ndi ya ufa ndi ya lendi. Ndico cifukwa cace ena amakwera masiku oyamba a mwezi, mwezi ukafika pakati amakwera popita pokha kuti asacedwe, nabwerera pansi madzulo.

Nyengo ya mvula imaonjeza mtunda ngakhale makilomita ali omwewo. Ku Kanyama, kumene dziko liri lathyathyathya ndipo thanthwe liri pafupi pansi pa dothi, madzi amaima m'njira masiku ambiri, ndipo wanchito amanyamula nsapato m'manja kuti akabvale pafupi ndi nchito.

Zimene zinayesedwa

Boma linayesapo njira zingapo. Kampani ya boma ya United Bus Company of Zambia inayendetsa mabasi akulu kufikira inatha m'caka ca 1995, ndipo malo ace anatengedwa ndi maminibasi a anthu wamba. M'caka ca 1991 inayamba sitima ya m'mzinda ya Njanji, yonyamula anthu pakati pa Chilenje ndi George, koma inaleka zisanathe zaka 10. Pakati pa 2018 ndi 2021 anakuza miseu ndi kumanga milato yodutsa pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Milatoyo inapeputsa magalimoto pa mphambano zimenezo, koma kwa mai wocoka ku Bauleni wapansi kunka ku Kabulonga mtunda unatsala womwewo.

Katundu wotsiriza amagwera ana. Kholo loturuka kusanace ndi kubwera kutada siliona ngati mwana wadya asanapite ku sukulu, kapena ngati walemba nchito imene mphunzitsi anampatsa. Kawiri-kawiri mtsikana wamkulu ndiye amatunga madzi, kusambitsa ang'ono ace ndi kutseka nyumba, ndipo iye mwini amafika m'kalasi belu litalira kale.

Gawo la mphunzitsi

Mphunzitsi wa ku mudzi alibe mphamvu yomanga njanji kapena yosuntha mafakitale, koma pali zinthu zinai zimene ziri m'manja mwace.

Coyamba, aike nkhani imeneyi m'phunziro la samu. Ana apatsidwe malipiro oyerekeza a pa mwezi, acotsepo ya lendi ndi ya basi, ndipo zotsalazo azigawe ndi maora onse, a pa nchito pamodzi ndi a mu mseu. Mwana amene wacita samu imeneyi ndi dzanja lace sadzanyengedwa ndi kukula kwa nambala yoyamba.

Caciwiri, m'phunziro la maiko ajambule mapu a Lusaka pa bolodi, aonetse njanji, Cairo Road, mafakitale, mayadi ndi makomboni, ndipo ana ayese okha mitunda ndi cingwe. Adzazindikira kuti nyumba ya lendi yocepa imene iri kutali ingathe kudula koposa ya lendi yokwera imene iri pafupi ndi nchito.

Cacitatu, alangize mwana wofuna kunka ku tauni, osati pomletsa, pakuti ambiri apeza moyo wabwino kumeneko, koma pomphunzitsa mafunso oyenera kufunsa mbale wace asananyamuke: nchito iri kuti, nyumba iri kuti, mabasi ndi angati, ndipo kodi njinga ingathe kuufupikitsa ulendowo? Safunsa anadya phula.

Cacinai, ayang'anenso m'kalasi lace lomwe. M'sukulu zambiri za m'midzi muli ana oyenda ora lathunthu kapena kuposa, ena ooloka mitsinje m'nyengo ya dzinja. Mphunzitsi awerenge mtunda wa mwana ali yense, aulembe m'buku pambali pa dzina lace, ndipo mwana akafika mocedwa, ayambe wayang'ana m'bukumo asananene za cilango.