Chiwongolero cha Kumanja pa Ntchito Yogawa Makalata ku America

Lero ndakutengerani nkhani yochokera kutali, ku dziko la United States of America. Ndi nkhani ya galimoto ndi anthu amene amaziyendetsa pofikitsa makalata kwa anzawo a kumidzi.

Tiyambe ndi zimene tonse tikuzidziwa. Kuno kwathu, monganso ku Zambia, ku Mozambique, ku Britain ndi ku Japan, galimoto zimayenda mbali ya kumanzere kwa msewu, ndipo chiwongolero chimakhala kudzanja lamanja. Anachita zimenezi kuti dalaivala azikhala chapakati pa msewu, aziona bwino galimoto zimene akukumana nazo. Ku America zinthu n'zotembenuza: galimoto zimayenda kumanja, chiwongolero chili kumanzere. Komabe m'dziko lomwelo muli anthu amene amafunafuna galimoto ya chiwongolero cha kumanja ngati zathu zino, ndipo ena amalipira ndalama zambiri kuti aipeze. Kodi chifukwa chake n'chiyani?

Yankho lagona pa mbiri ya makalata. Kale mlimi wa ku America ankayenda ulendo wautali kukatenga kalata yake ku positi ofesi, monga momwe ambiri a ife timalandirira makalata kudzera pa bokosi la sukulu kapena la tchalitchi. Anthu a m'mizinda ikuluikulu anayamba kulandirira makalata pakhomo m'chaka cha 1863, koma a kumidzi anadikira zaka zoposa 30. Pa 1 Okutobala 1896 boma linayamba kuyesa ntchito yotchedwa Rural Free Delivery m'chigawo cha West Virginia, ndipo mu 1902 ntchitoyi inakhazikitsidwa kotheratu.

Popeza nyumba za alimi n'zotalikirana, ndipo zina zili kutali ndi msewu, banja lililonse limaimika bokosi lake pamtengo m'mphepete mwa msewu. Malangizo a positi amati bokosilo litalike mainchesi 41 mpaka 45 kuchokera pansi, ndiko kuti kupitirira pang'ono mita imodzi, kuti lilingane ndi zenera la galimoto. Mabokosi ambiri ali ndi kambendera kofiira. Mwini wake akakhala ndi kalata yotumiza, amaiika m'bokosimo n'kuimika kambenderako, ndipo wogawa makalata amadziwa kuti pali choti atenge.

Tsono taganizani, okondedwa omvera. Galimoto ikuyenda kumanja, ndipo mabokosi ali kumanja komweko. Ngati chiwongolero chili kumanzere, dalaivala ali kutali ndi bokosi. Akati atsike, atsikira pakati pa msewu, pamene galimoto zina zikudutsa pa liwiro. Munthu mmodzi amafika pa mabokosi mazanamazana tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, pamvula, padzuwa ndi pachipale chofewa. Koma chiwongolero chikakhala kumanja, amangoima, kutulutsa mkono pazenera, kuponya makalata, n'kupitirira.

N'chifukwa chake bungwe la positi la dzikolo lakhala likugula galimoto zopangidwira ntchito imeneyi. M'zaka za m'ma 1970 inali Jeep yaing'ono yotchedwa DJ-5. Kuyambira mu 1987 mpaka mu 1994 kampani ya Grumman inapanga galimoto zoposa 140,000 zotchedwa LLV, dzina lotanthauza galimoto yokhalitsa. Zinakhalitsadi, pakuti zambiri zagwira ntchito zaka zoposa 30. Koma zinalibe makina oziziritsa mpweya, kotero kuti m'nyengo yotentha m'kati mwake mumakhala ngati mu uvuni, ndipo zitakalamba zina zinayamba kugwira moto. Mu 2021 positi inapatsa kampani ya Oshkosh ntchito yopanga galimoto zatsopano, ndipo zoyamba zinalowa pa msewu mu 2024. Zili ndi zoziziritsa mpweya, zina zimayendera magetsi, ndipo chiwongolero chake chidakali kumanja.

Koma si onse amene amapatsidwa galimoto ya positi. Ogawa makalata ambiri a kumidzi amagwiritsa ntchito galimoto zawozawo, ndipo positi imawapatsa ndalama yothandizira mafuta ndi kukonzetsa. Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Amene sanapeze galimoto ya chiwongolero cha kumanja amakhala pakati pa mipando iwiri, kapena pampando wa wokwera, dzanja lamanzere litagwira chiwongolero, mwendo wamanzere atautambasula kufikira pa buleki ndi popondera moto, pamene dzanja lamanja likuponya makalata. Munthu atakhala mopotoka chotero kwa maola ambiri, chaka ndi chaka, msana ndi chiuno siziyamika. Ndipo mwana kapena ng'ombe ikadutsa mwadzidzidzi, kuponda buleki mwamphamvu kumavuta.

Ena amapita kwa amakaniko kukaikitsa chiwongolero chachiwiri kumanja, cholumikizidwa ndi choyamba chija ndi lamba, pamodzi ndi zopondera zake. Makampani ena anayesa kuthandiza. M'zaka za m'ma 1990 Subaru inkagulitsa Legacy ya chiwongolero cha kumanja, Saturn nayo inapanga yake kwa zaka zochepa, ndipo Jeep yagulitsa Cherokee ndi Wrangler zoterezi. Koma ogula ndi ochepa, choncho galimotozi sizipezeka mosavuta. Palinso njira ina imene ife tingaimvetse msanga. Lamulo la ku America limalola munthu kuitanitsa galimoto yakunja yosatsata miyezo ya dzikolo ngati yakwanitsa zaka 25. Motero ogawa makalata ena amaitanitsa galimoto zakale kuchokera ku Japan, kumene ifenso timagula zambiri mwa galimoto zathu.

Si a makalata okha amene amafuna chiwongolero cha kumanja. Galimoto zambiri zotola zinyalala m'mizinda zili ndi chiwongolero kumanja, zina mbali zonse ziwiri, kuti wantchito azitsikira kumbali, osati pakati pa msewu. Galimoto zosesa m'misewu nazonso zimapangidwa choncho, kuti dalaivala aziona m'mphepete mmene akusesa.

Komatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. Dalaivala wokhala m'mphepete mwa msewu saona bwino kutsogolo akafuna kupitirira lole, ndipo pokhotera kumanzere amayenera kudekha kwambiri. Chimene chimamuteteza n'chakuti ntchito yake si ya liwiro: amayenda pang'onopang'ono, amaimaima, ndipo ambiri amaika nyali yophethira ndi chikwangwani chochenjeza amene akubwera m'mbuyo.

Mwina wina angafunse kuti khama lonseli n'la chiyani masiku ano a lamya za m'manja. Tidziwe kuti m'mabokosi amenewa simulowa makalata a moni okha. Mumalowa mankhwala a okalamba ndi a asilikali opuma, macheke, ndiponso mapepala oponyera voti. Kwa munthu wokhala yekha pa munda wakutali, wogawa makalata angakhale munthu yekhayo amene amadutsa pakhomo pake tsiku limenelo.

Mlimi wanzeru amasema mpini wa khasu molingana ndi msinkhu wake, chifukwa amadziwa kuti mpini wolakwika umapweteka msana ndiponso umachedwetsa ntchito. Inu amene mumagulira ena zida zogwirira ntchito, kaya ndi njinga, ngolo kapena galimoto, yambani mwafunsa amene adzazigwire tsiku ndi tsiku kuti akhala bwanji, atsikira kuti, ndipo mkono wake ufika pati.