Nkhomaliro ya ku Malaysia ndi Mbale Yathu ya ku Chiradzulu

Mau amene mnzathu wina wogwira ntchito m'boma analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu



A komiti atandipempha kuti ndidzalankhule, ankayesa kuti ndidzanena za ntchito za m'boma kapena za penshoni. Mundikhululukire, ine ndabwera ndi nkhani ya chakudya chamasana. Mwa maliro atatu a anzathu a m'kalasi mwathu amene ndapitako posachedwapa, awiri anali a matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ine ndemwe adokotala anandiyeza, nandifunsa chimene ndimadya masana. Ndinayankha moona: chipsi, kanyenya ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, Lolemba mpaka Lachisanu. Iwo anangopukusa mutu, nalemba pa khadi.

Patapita miyezi ingapo ku ofesi ananditumiza ku Kuala Lumpur kukachita maphunziro a masabata atatu, pansi pa ndondomeko yotchedwa Malaysian Technical Cooperation Programme, imene boma la Malaysia linayamba mu 1980. Kufikira nthawi imeneyo dzikolo ndinkangolidziwa chifukwa cha kampani ya Telekom Malaysia, imene inagwirizana ndi boma lathu kukhazikitsa TNM mu 1995, ife tikadali ovala yunifolomu. Za m'kalasi ndinazilemba kale m'lipoti. Zimene ndikuuzeni lero ndinaziphunzira m'nyumba yodyera.

Chakudya chamasana cha anthu wamba kumeneko amachitcha nasi campur, kutanthauza mpunga wosakaniza. Amakupatsa mbale ya mpunga, tsono iwe umayenda wekha motsatira mzere wa ndiwo zambirimbiri ndi kusankha zimene ukufuna. Tsiku loyamba ndinayenda mwamantha, poyesa kuti ndiona zachilendo zokhazokha. Koma taonani, chachitatu pamzerepo chinali chigwada! Iwo amati pucuk ubi, ndipo amachiwiritsa kapena kuchiphika ndi mkaka wa kokonati monga mmene ife timatendelera ndi nsinjiro. Pafupi pake panali therere lobala, lomwe amati bendi, lokazinga pang'ono, losathira soda. Panalinso kangkung, masamba a m'banja limodzi ndi mbatata, amene pakamwa amakumbutsa kholowa. Tinsomba touma totchedwa ikan bilis mukanationa mukanati ndi usipa. Nsomba yaikulu amaiotcha pamakala itakulungidwa m'tsamba la nthochi, ndiyo ikan bakar, kapena amaiphika mu msuzi wowawasa ndi bwemba ndi tsabola, wotchedwa asam pedas.

Ndinakhala pansi ndi mbale yanga ndikuseka ndekha. Ndinali nditakwera ndege usiku wonse kukapeza ndiwo zimene amayi anga amathyola kuseri kwa nyumba ku Namitambo, zimene ine ndinazisiya nditalandira digiri poganiza kuti ndi za anthu osauka.

Anthu a ku Malaysia ndi a mitundu itatu ikuluikulu, Amalaya, Matchaina ndi Amwenye, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nkhomaliro yake yabwino. Kwa Matchaina ndinakonda yong tau foo: umasankha therere, mabilingano, tsabola wamkulu ndi tofu wa soya, zoikamo nsomba yopera, ndipo amaziwiritsa mu msuzi wopanda mafuta ambiri. Kwa Amwenye amakuyalira tsamba la nthochi m'malo mwa mbale, naikapo mpunga, masamba a mitundu itatu ndi msuzi wa dhal. Dhal ameneyu, abale anga, kawirikawiri ndi nandolo wosenda. Nandolo amene timalima kuno ndi kugulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, amatumizidwa kunja, makamaka ku India, kumene anthu amamudya tsiku ndi tsiku. Ife eni ake timamudya ngati tikupepesa.

Ndisakunamizeni kuti ku Malaysia zonse zili bwino. Iwonso ali pa mavuto, mwina oposa athu. Kafukufuku wa boma lawo wa mu 2019 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi shuga, ndipo theka la anthu akuluakulu ndi onenepa kupitirira muyeso. Nditalawa teh tarik, tiyi wawo wa mkaka wa kondensi, ndinamvetsa. Nasi lemak amene amanyadira nayenso ndi mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, wokoma zedi, koma ukauonjezera nkhuku yokazinga tsiku lililonse lamba amayamba kuthina. M'chaka chomwecho cha 2019 boma linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera. Mnzanga wina wa kumeneko anandiphunzitsa mau awiri oti ndizinena poitanitsa tiyi, kurang manis, ndiko kuti shuga achepe.

Chimene Unduna wa Zaumoyo kumeneko ukuphunzitsa anthu ndi chapafupi, ndipo ndicho ndafuna kuti mupite nacho kwanu. Amati suku suku separuh. Gawani mbale yanu panayi. Gawo limodzi likhale la mpunga, lina la nsomba, nyama kapena nyemba, ndipo magawo awiri otsalawo, theka lonse la mbale, akhale a masamba ndi zipatso. Kuno a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo nzoona, koma munthu wanjala ali pamzere sawerenga magulu. Amayang'ana mbale. Tsono yang'anani mbale yathu. Mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera yadzaza mbale yonse, ndiwo zili m'kambale kakang'ono pambali, zongopakiza mbamu kuti itsike. Mwana akadya ndiwo zambiri timamukalipira kuti ndi wankhuli. Tinaleredwa motero tonse, ndipo pa sukulu pano tinazolowera nsima ndi nyemba, nthawi zina zokhala ndi anankafumbwe amene tinkawatcha nyama ya ulere. Sindikudandaula, poti zinatikulitsa. Koma nthawi imeneyo tinkalima, tinkasewera mpira, tinkayenda pansi popita kutchuthi. Lero tikudya mitanda yomweyo titakhala pa mpando wa mu ofesi kuyambira 7:30 m'mawa mpaka madzulo.

Nditabwerako ndinayesa kunyumba. Mtanda umodzi wa mgaiwa, nandolo kapena matemba a ku Chilwa, ndi theka la mbale la nkhwani, bonongwe kapena chisoso, kenaka papaya kapena gwafa. Sabata yoyamba akazi anga anandifunsa ngati malipiro achedwa. Apongozi atabwera anawatengera mwana wawo pambali kukafunsa ngati m'banja muli mtendere. Njala inkandipweteka pofika 3 koloko, ndipo ndinkaithetsa ndi mtedza wokazinga. Tsopano ndimanyamula nkhomaliro m'kontena popita ku ntchito, ndipo anyamata a mu ofesi anasiya kuseka ataona kuti ndalama za chipsi za sabata imodzi zikugula masamba a banja lonse pa Mbulumbuzi. Mankhwala amene adokotala anandipatsa ndikumwabe, ndipo ndikupemphani kuti wina asasiye ake chifukwa cha zimene ndanena pano.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Amalaya amakonda ulam, masamba ndi minkhaka zodya zosaphika ndi tsabola wosinja. Ife tikukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho chosaphika chilichonse chitsukidwe ndi madzi otetezedwa. Chigwada chokha musachiyese chosaphika ayi, chifukwa chili ndi poizoni amene amatha pochisinja ndi kuchiphika mokwanira. Chachiwiri ndi soda kapena chidulo. Zimafewetsa masamba msanga, koma zimaononga mavitamini ena, makamaka C. Therere la ku Malaysia lija linandionetsa kuti likhoza kudyeka popanda soda, ngakhale ndikudziwa kuti amayi ambiri muno akutsutsa chamumtima.

Tsono pempho langa nali, a Wapampando. Chaka chilichonse bungwe lathu limagula mabuku kapena utoto wa makalasi. Ndikupempha kuti chaka chino tipatuleko ndalama za mbewu za masamba, makeni othirira ndi mpanda, kuti malo a kumunsi kwa mjigo aja, pamene ife tinkalima chilango, akhalenso dimba lopereka ndiwo ku khitchini ya ana. M'mphepete mwake mukhale nandolo ndi mapapaya. A Mphunzitsi Wamkulu andiuza kuti aphunzitsi a zaulimi ndi okonzeka kuyang'anira. A Msungichuma ali ndi kabuku pakhomo apo, ndipo ine ndalembetsa kale makeni asanu.

Ndamva kuti kukhitchini atikonzera mpunga ndi nkhuku. Ndinawapempha dzulo kuti aonjezerepo mphika wa chigwada chotendera, ndipo ndikhala pafupi ndi mphikawo kuona amene akuulambalala.