Atsogoleri a Mapemphero M'midzi ya ku Tsangano ndi Macanga



Pa chikumbutso cha zaka 100 mkoyenera kutchula anthu ena amene maina ao sapezeka m'mabuku: abambo ndi amai otsogolera mapemphero a Lamulungu kumene wansembe safika. Nyengo ya mvula, njira zopita ku midzi ya ku Tsangano ndi Furancungo zikaonongeka, Akhristu amatha miyezi osaona Misa, komabe tchalitchi sachitseka.

Ntchitoyi inakula m'masautso. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma linatenga sukulu ndi zipatala za misyoni, ndipo ansembe ambiri anachoka. Mu 1977 Eklezia wa dziko lonse anasonkhana ku Beira nagwirizana kuti moyo wa Mpingo ukhazikike pa miphakati, Akhristu eni ake agawane maudindo. Nkhondo inafika pambuyo pake. Pa 30 Okotobala 1985 ansembe awiri Achijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Anthu ochuluka anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mpaka mtendere wa 1992 amene ankawasonkhanitsa pa Mau a Mulungu kawirikawiri anali alimi anzao.

Tsono mtsogoleri wotere aphunzitsidwe chiyani? Choyamba, kukonzekera. Amene atsekula buku koyamba ataima kale pa guwa la Mau amanyoza anthu amene ayenda mtunda wautali kudzamva. Pofika Loweruka akhale atadziwa ngati chakacho nchaka A, B kapena C, atawerenga Mthenga Wabwino mofuula kangapo, ndiponso atakumana ndi owerenga ndi oimba kuti nyimbo zigwirizane ndi mauwo. Maina ovuta a m'Chipangano Chakale awayeseze kunyumba, asakapunthwe nao pamaso pa mpingo. Pofotokoza Mau asatalikitse. Ena, pokondwa ndi liu lao, amaiwala kuti amai obereka ana kumbuyo sanadye.

Chovuta kuposa zonse ndicho kudziwa malire. Malangizo amene anatuluka ku Roma mu 1988 amanena poyera kuti mwambowu si Misa. Mtsogoleri sakhala pa mpando wa wansembe, sanena pemphero la Ukaristia, sadalitsa anthu ndi dzanja monga wansembe. Amadzilemba chizindikiro cha mtanda napempha madalitso pamodzi ndi anzake. Ukaristia ukagawidwa, ndi umene wansembe anaupatula kale pa Misa. Nchifukwa chake pomsankha mphakati uyang'ane khalidwe lake pa mudzi usanayang'ane luso la pakamwa, ndipo akatha maphunziro oyamba aziitanidwanso ku parishi nthawi ndi nthawi, pakuti mtsogoleri wosiyidwa yekha zaka zambiri amayamba kuonjeza zake mu mwambo, anthu nkumayesa kuti ndiwo malamulo a Eklezia.