Njere ya khofi imadziwa kwawo

Mawu amene mlangizi wathu wa zaulimi anayankhula pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivi

 Ambiri mwa inu ndinu makolo anga, ndiye mundimvere ngati mwana amene watumidwa. Za kudulira ndi kuthira manyowa sindikamba lero, zimenezo timakambirana kumunda. Lero ndikufuna tikambe za dzina la khofi wathu, chifukwa pa zonse zimene mwamanga m'zaka 10 zimenezi, dzinali ndi limene lingagwe msanga.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano sanagulepo mpunga pamsika atauzidwa kuti "uwu ndi Kilombero weniweni wa ku Karonga", koma kukafika kunyumba, mphika osanunkhira n'komwe? Wogula waluza ndalama zake, inde. Koma waluza kwambiri ndi mlimi wa ku Karonga, amene sanapezekepo n'komwe pamsikapo, chifukwa mawa wogula uja aziti Kilombero ndi mpunga wamba.

Pa khofi zoterezi zimachitikanso, ndipo ndalama zake ndi zambiri. Ndikupatseni chitsanzo cha kutali. Ku Hawaii, zilumba za dziko la America, kuli dera lotchedwa Kona. Alimi ake ambiri ali ndi minda ing'onoing'ono m'mbali mwa mapiri, ngati ife kuno ku Ntchisi, ndipo khofi wawo ndi mmodzi mwa okwera mtengo kwambiri padziko. M'zaka za m'ma 1990 wamalonda wina ankaitanitsa khofi wotchipa ku Central America, n'kumuika m'matumba olembedwa kuti Kona. Anagwidwa, anakalowa m'ndende, koma mchitidwewo sunathe. M'chaka cha 2019 alimi a ku Kona anasumira makampani ambiri amene ankagulitsa khofi m'dzina lawo. Umboni wawo sunali woti "talawa, sakukoma". Anatengera mapaketiwo ku labotale, akatswiri n'kupeza kuti zimene zili m'kati mwa njerezo sizikugwirizana ndi khofi wolimidwa ku Kona. Makampaniwo anagwirizana ndi alimi zothetsa nkhaniyo polipira, ndipo ndalama zonse pamodzi zinapitirira madola 41 miliyoni.

Mwina mukuti, a alangizi, makina angadziwe bwanji kwawo kwa njere? Ilibe pakamwa, ilibe chiphaso. Ndifotokoze mmene ndingathere.

Choyamba ndi nthaka. Mtengo wa khofi umakhala malo amodzi moyo wake wonse, ndipo chilichonse chimene mizu ikumwa chimachokera pamalo omwewo. Kupatula chakudya chimene timachidziwa cha m'feteleza, mizu imakokanso tizitsulo tochepa kwambiri tochokera ku miyala imene inaphwanyika n'kusanduka dothi. Mayina ake ndi monga strontium, barium, manganese, zinc ndi nickel. Musavutike kuwaloweza. Chofunika n'choti miyala ya ku Kona, imene inachokera ku chiphalaphala cha mapiri ophulika, ndi yosiyana ndi miyala yathu kuno, choncho kasakanizidwe ka tizitsuloti m'njere n'kosiyananso. Akatswiri amapera njere, amazisungunula mu asidi, kenaka makina amayeza kuti chitsulo ichi chachuluka bwanji poyerekeza ndi icho. Amayi mukudziwa kuti ndiwo ziwiri zikhoza kukhala za nkhwani womwewo, koma mumazindikira wophika pa kuchuluka kwa mchere, tomato ndi nsinjiro. Ndi momwemo. Ndipo kukazinga khofi sikufufuta chizindikirochi, poti moto umachotsa madzi koma tizitsuloto timatsalira.

Chachiwiri ndi mvula. Ichi ngakhale ine chinandidabwitsa. Madzi amene timawaona ngati ofanana ali ndi tizigawo tina tolemererapo pang'ono kuposa tinzake. Mitambo ikamachoka kunyanja yamchere kulowa kumtunda ndi kukwera mapiri, madzi olemererapowo ndi amene amayamba kugwa. Ndiye mvula ya pamwamba pa phiri, kutali ndi nyanja, imakhala yopepukirapo kusiyana ndi ya m'mphepete mwa nyanja. Mtengo umamwa madziwo n'kumangira njere, ndipo makina amatha kuwerenga kusiyana kumeneku.

Chachitatu ndi mtundu wa khofi. Ife timalima arabica. Robusta, amene ndi wotchipa, ali ndi caffeine wochuluka pafupifupi kawiri, komanso ali ndi mafuta ena amene mu arabica amapezeka ochepetsetsa. Wina akasakaniza, ngakhale khofiyo akhale wopera kale, amagwidwa.

Koma ndisakunamizeni kuti makinawa ndi sing'anga wolosera. Mukukumbukira mu 2017 pamene tinkadinda zala polembetsa ziphaso za unzika? Chidindo cha chala chimagwira ntchito pokhapokha ngati chinalembedwa kale m'kaundula. Khofi nayenso ndi chimodzimodzi. Akatswiri amayenera kukhala ndi njere zodziwika bwino kuti izi ndi za kwakutikwakuti, n'kumafanizira nazo zokayikitsazo. Alimi a ku Kona anali ndi khofi wawo weniweni wofanizira. Komanso njirayi imasiyanitsa bwino dziko ndi dziko kapena dera ndi dera. Kusiyanitsa munda wanu ndi wa achimwene anu kutsidya kwa khwawa n'kovuta. Ndi yodulanso, sangayeze thumba lililonse. Choncho ntchito yaikulu idakali m'manja mwathu, pasikelo ndi m'buku la kalaliki.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikutikhudzira. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2023 lonena kuti khofi wolowa kwawo azidziwika munda umene wachokera, komanso kuti mundawo usakhale wotsegulidwa podula nkhalango pambuyo pa 31 December 2020. Ife tili pafupi ndi nkhalango ya Ntchisi, ndiye funso limeneli lidzatipeza ndithu. N'chifukwa chake tikamayenda m'minda mwanu ndi foni kulemba malo ake, musamaope kuti tikufuna kulanda munda. Tikulemba kwawo kwa khofi wanu.

Tsopano ndiulule kanthu, ndipo ndiyambe ndi ine ndemwe. Nditangoyamba ntchito, kudera lina osati kuno, ndinaona bambo wina akubweretsa pasikelo khofi wochuluka kuposa mitengo imene ndinawerenga m'munda mwake. Ndinadziwa kuti wagula kwa mavenda, kaya anamutenga kuti. Anali munthu wamkulu, ine kamnyamata kongochoka kukoleji, ndiye ndinangoti ziii. Khofiyo analowa m'gulu limodzi ndi wa anthu ena onse amene anathyola zakupsa zokhazokha, kutsuka bwino, kuyanika pathandala. Mpaka lero zimandivuta, chifukwa manyazi anga anaika pachiswe thukuta la anthu osalakwa. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Wogula wa kunja sadziwa dzina la bambo uja, amadziwa dzina lolembedwa pathumba.

Ndikudziwa chimene chimakopa. Wavenda amabwera ndi ndalama m'manja pamene mwana wabwezedwa kusukulu, pomwe kopaletivi imati dikirani. Kudikirako kumawawa, ndipo a komiti muyenera kumva madandaulo amenewa. Koma khofi amene mwagulitsa kwa wavenda amakathera m'thumba la wina, dzina la wina n'kumakula ndi thukuta lanu. Ndipo amene mwagula kwa wavenda n'kumubweretsa kuno amalowa m'dzina lathu, ife osadziwa kwawo.

Ndiye pempho langa ndi ili, m'magawo anayi. Pasikelo muzibweretsa khofi wa m'munda mwanu yekha, pa nambala yanu. A kalaliki, lembani tsiku, dzina, kulemera ndi mudzi, ngakhale mzere utalike bwanji. Pothandala ndi mosungira, gulu lililonse likhale ndi chizindikiro chake, tisasakanize pofuna kudzaza thumba. Chomaliza, a komiti, ndikupempha kuti kuyambira chaka chino tizisungako khofi wouma pang'ono wa chigawo chilichonse, m'botolo lotseka bwino, lolembedwa chaka ndi malo. Sizifuna ndalama zambiri. Tsiku lina wina akadzagulitsa khofi wachabechabe m'dzina lathu, kapena akadzatinamizira ifeyo, tidzakhala ndi chofanizira.

Anzathu a ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya ali ndi dothi lawo ndi mvula yawo, ifenso tili ndi zathu. Palibe angatilande zimenezi kapena kuzipanga kwina. Mbande zimene munabzala kopaletivi ikuyamba lero ndi mitengo yobereka, ndipo njere iliyonse ikunena zoona za kumene yachokera. Chatsala n'choti mabuku athu ndi matumba athu azinenanso zomwezo.

Mafumu, a Wapampando, makolo anga nonse, ndakutayitsani nthawi. Tionana kumunda.