NYENYEZI ZOKALAMBA ZIMENE ZIWALA MONGA ANA

Anthu ogwira nchito ku ng'anjo adziwa kuti citsulo cofiira ncotentha, koma cikayera ndiye kuti catentha koposa. Nyenyezi nazo ziri cimodzi-modzi. Zazikuru zobadwa catsopano ziyaka mwaukali, ndipo zitulutsa kuunika kochedwa ultraviolet, kumene maso sangathe kuona, kuja kupweteka munthu woocherera zitsulo popanda magalasi. Zambiri zokalamba ziyaka mofiira.

Nyenyezi zikhala m'magulu akuru ochedwa milalang'amba. Milalang'amba yina njobulungira monga dzira, ndipo yambiri ya iyo inaleka kubala nyenyezi zaka mabiliyoni zapitazo. Cotero akatswiri sanayembekeze kupezamo ultraviolet wambiri.

Koma gawo lalikuru la kuunika kumeneku silifika pansi pano, pakuti mpweya wa kumwamba ulitsekereza. M'caka ca 1968 Amereka anaponya kuthambo makina oonera nyenyezi ochedwa OAO-2. Mu 1969 Bambo Arthur Code wa ku Wisconsin analengeza codabwitsa: pakati pa mlalang'amba wa Andromeda, pamene pali nkhalamba zocuruka, panali kucokera ultraviolet wopambana ciyembekezo. Pambuyo pace anaupezanso m'milalang'amba yobulungira ija.

Kodi nkhalamba zinautenga kuti ukali wotere? Yankho ndi iri. Nyenyezi ikatha mpweya wa haidrojeni m'kati mwace, iyamba kutentha hiliyamu. Kawiri-kawiri moto umenewu ubisika pansi pa copfunda cocindikala. Koma zina zitaya copfundaco pafupi-fupi conse, ndipo mtima wamoto ukhala poyera. Pamwamba pa nyenyezi yotere patentha madigiri ngati 25,000, pamene pa dzuwa lathu patentha 5,500 cabe. M'caka ca 2000 akatswiri ogwiritsa nchito makina a Hubble analengeza kuti aona nyenyezi zotere imodzi-imodzi m'kamlalang'amba ka M32.

Cimene civula copfundaco cikali pa mtsutso. Ena ati ndi nyenyezi inzace yoyandikana nayo imene icikoka. Ena ati nyenyezizo zinabadwa ndi hiliyamu wambiri.

Nkhaniyi njofunika cifukwa akatswiri ayang'ana ultraviolet pofuna kudziwa ngati mlalang'amba ukali kubala. Munthu wosadziwa za nkhalambazi angawerenge ana pamene palibe ana, nalakwa poyesa msinkhu wa milalang'amba yakutali.