Kodi mantha ndi achibadwa? Phunziro lochokera kwa makoswe

Amayi, mwina munaonapo kuti ana ena sachedwa kudzidzimuka pamene anzawo ndi odekha. Makoswe nawonso amasiyana chotere.

Khoswe akaopsedwa, thupi lake limatulutsa mankhwala otchedwa corticosterone, amene amamupatsa mphamvu zothawira. Choopsacho chikapita, mbali ina ya ubongo yotchedwa hippocampus ndiyo imauza thupi kuti lileke kuwatulutsa.

M'chaka cha 1997, gulu la Michael Meaney pa yunivesite ya McGill ku Canada linapeza kuti mwana wa khoswe amene make ankamunyambita kawirikawiri m'masiku oyamba amakula ndi ubongo wozindikira msanga mankhwalawa. Akaopsedwa sachedwa kukhazikika. Wonyambitidwa pang'ono amakula wamantha.

Mu 1999 akatswiriwa anasinthanitsa ana. Ana obadwa kwa khoswe wonyambita pang'ono, ataleredwa ndi wonyambita kwambiri, anakula odekha. Mwaona? Si chibadwa chokha ayi, kaleredwe nakonso kamaumba ubongo.

Munthu si khoswe, koma nafenso tili ndi mankhwala ofanana nawo otchedwa cortisol. Tsono mwana wanu akalira, munyamuleni. Muyamwitseni, muikeni pachifuwa khungu ligundane ndi lanu, ndipo muzimulankhula. Kutero si kumuzoloweza zoipa ayi.

Ngati inuyo mtima ukukulemerani chiberekereni, kapena tulo sitikubwera chifukwa cha nkhawa, musabise. Auzeni anamwino mukabwera kusikelo. Abambo ndi agogo akuthandizeniko ntchito kuti mupeze mpata wokhala ndi mwana wanu.