ZA BOKOSI LACITSULO LODYEDWA NDI DZIMBIRI

M'nyumba zambiri muli bokosi lacitsulo limene atate kapena agogo analisiya. M'menemo munali kukhala nyundo, sowo, pulena ndi zipanala, zimene zinadyetsa banja zaka zambiri. Koma lero ligona kuseri kwa citseko, lofiira ndi dzimbiri. Mau athu ndi awa: dzimbiri silitha polibisa, litha policotsa.

Tiyambe tamdziwa mdaniyo. Dzimbiri libadwa pamene citsulo cikomana ndi madzi ndi mpweya pamodzi, ndipo mcere ulifulumizitsa. Silikhala cete pamwamba ngati khungu ai. Lifufuma, lisweka, ligwa, nilitsegulira cinyontho njira ya kulowa m'kati. Cifukwa cace wopaka penti pa dzimbiri adzinyenga yekha, pakuti kunja kuwala, koma pansi citsulo cirikudyedwabe.

Coyamba tsono, turutsani zonse, tsukani bokosi ndi sopo kuti mafuta akale acoke, ndipo muliyang'ane bwino pansi pace ndi m'ngondya, poti m'menemo ndimo madzi akhalitsa. Pamene pabooka pafunika cigamba ca mmisiri wa kuoceera zitsulo. Penti satseka cibowo.

Caciwiri, palani ndi burashi ya waya ndi sandipepa kufikira citsulo cioneka coyera. Tizitsulo tating'ono, monga mahinje ndi zogwirira, tiviikeni usiku umodzi m'viniga, amene asungunula dzimbiri. M'mawa mutitsuke m'madzi a soda kuti ukali wa viniga uthe, ndi kutiumitsa pomwepo, popeza citsulo copalidwa cicita dzimbiri tsiku lomwelo. Nchito iyi siifuna liwiro; akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Pano tiime, pakuti pali coopsa. Penti wambiri wakale anali ndi mtovu, makamaka wofiira uja amene anali kuyamba kupaka pa zitsulo. Dziko la United States linaletsa mtovu m'penti wa m'nyumba m'caka ca 1978, ndipo maiko ena anacedwa koposa. Pfumbi la mtovu likalowa m'thupi la mwana liononga ubongo wace, ndipo cimene caonongeka sicibwerera. Potero palirani pabwalo, kutali ndi ana ndi amai apakati, kutali ndi mtondo ndi nkhali. Nyowetsani popalapo kuti pfumbi lisauluke, phimbani mphuno ndi pakamwa, musaoce penti ndi moto, ndipo sambani m'manja musanadye. Ciphindu canji kupulumutsa bokosi la atate ndi kupweteka mdzukulu wao?

Mukadziceka, tsukani bala, nimupite kucipatala. Kafumbata sacokera m'dzimbiri monga ambiri aganiza, koma m'tizirombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe, timene tilowera pabala. Katemera ndiye achinjiriza.

Cacitatu, pakani penti woyamba wa pa citsulo, amene agwira citsulo ndi kukaniza cinyontho. Atauma, pakani penti wa pamwamba kawiri, mopyapyala. Wopaka mocindikala kamodzi kuti athe msanga adzaona penti alikuyenderera ndi kukwinyika.

Cotsiriza ndico cacikuru, ndipo ambiri agwa pomwepa. Nchito ya masiku atatu itayika m'dzinja limodzi ngati bokosi libwerera pansi ponyowa. Liikeni pa thabwa kapena pa njerwa. Donthezani mafuta m'mahinje. Pukutani cipangizo ciri conse ndi kansaru ka mafuta musanacibweze. Ndipo musaikemo kanthu konyowa.

Abale, dzimbiri silibwera ndi pfuu ngati mbala yothyola citseko; lilowa pang'ono pang'ono pamene mwini alikunena, Ndidzakonza mawa. Amene anatisiyira zipangizo izi anazigula ndi thukuta, nazisunga kufikira zinafika m'manja mwathu. Tiyeni ifenso tizipereke kwa ana athu ziri zakuthwa, m'bokosi lotsekeka bwino, ndi kuwaphunzitsa kuzisunga.